Kalulu ndi Fisi M'bwalo la Mpira

Anthu a mtundu wathu amalemekeza munthu wochenjera, koma amanyansidwa ndi wakuba. Mwana aliyense amene adakulira pamudzi adamva nthano za Kalulu, kanyama kopanda nyanga ndi mphamvu komwe, kamene kamagonjetsa Njovu ndi Mkango chifukwa cha nzeru. Mwana yemweyo adamvanso za Fisi, amene dyera lake limamugwetsa m'mavuto tsiku ndi tsiku. Pomvera nthanozi timaombera m'manja Kalulu ndi kumuseka Fisi, osadzifunsa kuti awiriwa akusiyana pati, popeza onse amanamiza anzawo. Funso limeneli, lomwe agogo athu sadativutitse nalo pamoto madzulo, ine limandipeza kawirikawiri m'bwalo la mpira wa miyendo.

Kwathu kwa Dambe, m'boma la Mchinji, mpira umakoma m'chilimwe, anthu atakolola chimanga, atakumba mtedza, fodya atapita ku okushoni. Lamulungu masana midzi imakumana pabwalo la sukulu, fumbi lili koboo, amayi akuimba m'mbali mwa bwalo. Mphotho imakhala mbuzi, mpira watsopano, kapena yunifolomu yoperekedwa ndi munthu amene akufuna kudziwika chisankho chikamayandikira. Madzulo anyamata amakhamukira m'nyumba zoonetsera mpira pa Kapiri kukachemerera matimu a ku England. M'malo awiri onsewa ndakhala ndikumva mawu awiri amene sasowa pakamwa pa ochemerera: wina akuti "wachenjera", wina akuti "wabera". Chodabwitsa n'chakuti mawu awiriwa amanenedwa pa chinthu chimodzimodzi, ndipo chimene chimasiyanitsa onenawo ndi mbali ya bwalo imene aima.

Poyamba tivomereze kuti mpira ndi masewera onamizana. Wosewera waluso amaweramira kumanzere pamene mtima wake uli kumanja, mdani wake n'kugwa chagada anthu akuseka. Womenya penate amayang'ana ngodya ina, mpira n'kuuponya ngodya ina. Otchinga kumbuyo amapangana ndi maso, n'kuthamangira kutsogolo nthawi imodzi kuti womwetsa zigoli akodwe mu ofusayidi. Zonsezi ndi bodza la thupi, ndipo palibe amene amadandaula nazo, chifukwa aliyense wolowa m'bwalo amadziwa kuti adzanamizidwa motero ndipo nayenso ali ndi ufulu wonamiza. N'chimodzimodzi ndi bawo. Mkulu amene amawerengera mayenje asanu patsogolo n'kukutchera msampha timamutcha katswiri. Koma amene amabisa kamwala m'dzanja iwe ukuyang'ana kumbali, ameneyo ngakhale ali ndi imvi sitimuitananso pansi pa mtengo.

Vuto limayamba pa zinthu zimene zili pakati pa luso ndi kuba. Chodziwika kwambiri ndicho kudya nthawi. M'midzi mwathu mpira umakhala umodzi wokha, ndipo wotchi yeniyeni ndi dzuwa. Timu ikatsogola ndi chigoli chimodzi dzuwa likupendeka, wotchinga kumbuyo amaumenya mpira mwamphamvu kuti ukagwere kudimba kapena m'tchire, ana n'kutha mphindi zingapo akuufunafuna. Goloboyi akagwira mpira amagona nawo pansi ngati wapeza mwana wake wotayika. Wina amagwa n'kumagubuduzika atagwira bondo, koma wenzulo yomaliza ikangolira ndiye amayamba kuvina. Ochemerera a mbali yotsogola amati anyamata awo ndi okhwima nzeru. A mbali inayo amatukwana, kuiwala kuti sabata yatha iwo omwe adachita zomwezo kumudzi kwa eni. Akuluakulu adati anyani amasekana zikundu.

Khalidwe limeneli si la kumudzi kokha, ndipo opanga malamulo a mpira akhala akulimbana nalo kwa zaka zambiri. Mpikisano wa dziko lonse wa 1990 utatha anthu akudandaula kuti matimu ankangobwezera mpira kwa goloboyi, mu 1992 padakhazikitsidwa lamulo loletsa goloboyi kugwira ndi manja mpira umene mnzake wamupatsira dala ndi phazi. Mu 2025 padabweranso lamulo lakuti goloboyi akasunga mpira m'manja kupitirira masekondi 8, timu inayo ipatsidwe kona. Apa tikuona kuti chimene dzulo chinali kuchenjera, lero chingathe kukhala mlandu. Osewera amafunafuna mpata m'mpanda wa malamulo, opanga malamulo n'kubwera kudzatseka, osewera n'kupezanso mpata wina.

Koma pali nkhani ziwiri za manja zimene ndimafuna kuti aliyense wokonda mpira aziganizire mofatsa. Yoyamba idachitika pa 22 Juni 1986 mu mzinda wa Mexico City, pamene Argentina idakumana ndi England m'ndime ya makotafainolo a chikho cha dziko lonse. Diego Maradona, munthu wamfupi, adadumpha pamodzi ndi goloboyi Peter Shilton n'kuulowetsa mpira muukonde ndi dzanja lamanzere. Woimbira, Ali Bin Nasser wa ku Tunisia, sadaone, ndipo chigoli chidavomerezedwa. Maradona adathamanga kukondwerera ngati wachinya ndi mutu, ndipo pambuyo pake adati linali dzanja la Mulungu. Patangopita mphindi zinayi adachinya chigoli china chokoma zedi atadutsa pafupifupi theka la timu ya England. Argentina idapambana 2-1, n'kukatenganso chikhocho.

Yachiwiri idachitika pa 2 Julayi 2010 mu mzinda wa Johannesburg. Ghana ndi Uruguay adali atalepherana mphamvu 1-1, ndipo m'mphindi yomaliza ya nthawi yoonjezera Dominic Adiyiah adamenya ndi mutu mpira umene unkalowa ndithu. Luis Suárez, amene sadali goloboyi, adautchinga ndi manja ataima pamzere wa golo. Woimbira adaona, adamuonetsa khadi lofiira, n'kupereka penate kwa Ghana. Asamoah Gyan adamenya mpira pamtanda wa golo. Pa mapenate Uruguay idapambana 4-2, ndipo Africa idayenera kudikira mpaka 2022 kuti timu yake, Morocco, ifike m'ndime ya masemifainolo.

Tsono funsani anyamata a pa Kapiri kuti wakuba ndani pakati pa awiriwa. Ambiri adzayankha msangamsanga kuti ndi Suárez, ndipo dzina la Maradona adzalitchula mwaulemu. Komatu tikayeza ndi muyeso wa malamulo zinthu zikutembenuka. Suárez adalakwa poyera, chilango chonse cholembedwa m'malamulo adachilandira, ndipo sadasewere masewera otsatira amene dziko lake lidagonja kwa Netherlands. Ghana idapatsidwa mwayi wake, mwayiwo n'kuphonyedwa. Suárez mwini, pokumana ndi atolankhani mu 2022, adakana kupepesa ponena kuti wophonya penate sadali iye. Maradona ndiye adabisa mlandu, sadalandire chilango chilichonse, ndipo England sidapatsidwe kanthu. Nanga n'chifukwa chiyani mitima yathu imaweruza mozondoka?

Yankho ndiye Kalulu uja. Kwa ife Maradona adali mwana wa m'makwalala a anthu osauka amene adapusitsa dziko limene lidatilamulira ife mpaka 1964, dziko lomwenso lidagonjetsa Argentina pankhondo ya zilumba za Falkland mu 1982. Tidaona kanyama kakang'ono kakugwetsa Njovu. Suárez adatilanda chimwemwe chimene tidali titachigwira kale m'manja, pa nthaka ya Africa, chaka chokhacho chimene chikho chidaseweredwa kuno. Choncho chimene timaweruza kawirikawiri ndi bala limene tamva, osati mlandu umene wachitika. Wolakwa akakhala wathu timayang'ana kumbali, pajatu khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ine sindimuyamikira Suárez, pakuti kuthyola lamulo dala utawerengera kuti chilango n'chotsika mtengo kuposa chigoli ndi nzeru ya wamalonda, si ya wamasewera. Koma sindingathe kumuika pansi pa munthu amene adanamiza woimbira dziko lonse likuona.

Kukondera kwa maso athu tidakuonanso pa 18 Januwale 2022, pamene Flames idasewera ndi Senegal ku Bafoussam m'dziko la Cameroon. Woimbira adapereka penate kwa Malawi Gomezgani Chirwa atagwa polimbana ndi Bouna Sarr, koma ataonanso pakanema adasintha chigamulo chake, ndipo masewera adatha 0-0. Kuno kwathu aliyense adaona penate yoonekeratu. Ku Dakar aliyense adaona wosewera wogwa mosavuta. Zithunzi zidali zimodzimodzi, koma maso adali a mayiko awiri. Makina atha kuthandiza woimbira, koma sangachotse chikondi m'maso mwa wochemerera.

Palinso kuchenjera kwina kumene sikuthyola lamulo lililonse, komabe kumasiya fungo loipa. Mu 1982 ku Spain, Algeria idadabwitsa dziko pogonjetsa West Germany 2-1. Koma idamaliza masewera ake a m'gulu tsiku limodzi West Germany ndi Austria asanakumane mu mzinda wa Gijón. Matimu awiriwa adadziwa kuti Germany ikapambana ndi chigoli chimodzi kapena ziwiri, onse apitirira ndipo Algeria ituluka. Germany idachinya patatha mphindi khumi, ndipo nthawi yotsalayo adangopatsirana mpira anthu akuwakuwiza. Kuchokera pamenepo padakonzedwa kuti masewera omaliza a m'gulu aziseweredwa nthawi imodzi.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mu Januwale 2010 ku Angola, Flames ya mphunzitsi Kinnah Phiri idathibula Algeria yomweyo 3-0, zigoli za Russel Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda. Tsiku lomaliza la m'gulu Mali idatigonjetsa 3-1, pamene Angola ndi Algeria adathera 0-0, zotsatira zimene zidapititsa onse awiri patsogolo. Mali idakadandaula ku bungwe la CAF kuti matimu awiriwo sadafune kuchinyana. Dziko limene lidalira ku Gijón ndilo tsopano linkalozedwa chala. Ife Amalawi sitidakhale ndi pakamwa podandaulira, chifukwa tikadangolepherana mphamvu ndi Mali tikadapitirira ndife. Phunziro lake n'lakuti matimu awiri akaleka kufuna kugonjetsana, anthu amene alipira pachipata aberedwa, ngakhale buku la malamulo likhale chete.

Tsopano tifike kwa Fisi weniweni. Mu Sepitembala 1989, Chile ikugonja 1-0 kwa Brazil m'bwalo la Maracanã, goloboyi Roberto Rojas adagwa pansi nkhope ili magazi okhaokha, ngati wapwetekedwa ndi chophulika chimene wochemerera wina adaponya. Anzake adamunyamula n'kutuluka m'bwalo. Zithunzi zidaonetsa kuti chophulikacho sichidamukhudze, ndipo zidadziwika kuti adadzicheka yekha ndi lezala limene adabisa m'magolovesi. Chile idaletsedwa kupikisana nawo pa chikho cha 1994. Mu Novembala 2016 ku Polokwane, woimbira wa ku Ghana, Joseph Lamptey, adapatsa South Africa penate ponena kuti Kalidou Koulibaly wa Senegal wagwira mpira ndi dzanja, chikhalirecho mpira udamugunda m'miyendo. Bungwe la FIFA lidamuletsa kuimbira moyo wake wonse, masewerawo adabwerezedwa chaka chotsatira, ndipo Senegal idapambana 2-0. Mlandu suola.

Tisaganize kuti zoterezi n'zakutali. Mu 2017 oimbira anayi a kuno ku Malawi adaletsedwa kuimbira mpira moyo wawo wonse pa nkhani ya masewera a chikho a pakati pa Nchalo United ndi Chitipa United. Malinga ndi zimene bungwe la oimbira lidapeza, iwo adalandira ndalama yochepa, pafupifupi madola 20 a ku America, kuti akondere Nchalo. Masewera adatha 1-1, Chitipa n'kupambana pa mapenate, ndipo nkhani idaululika pamene opereka ndalamawo adayamba kuitanitsa ndalama zawo. Anthu ambiri adaseka atamva nkhaniyi, koma m'kati mwake mulibe choseketsa. Wosewera akadzigwetsa amanamiza woimbira kamodzi. Woimbira akagulidwa, masewera onse asanduka sewero, ndipo thukuta la anyamata 22 lapita pachabe iwo osadziwa.

Kubera kumene kumandiwawa koposa ndiko kumene tidakuzolowera mpaka tidaleka kukuona. Pa mipikisano ya midzi, timu imabwera ndi nkhope zachilendo. Mukafunsa amati, "Ameneyu ndi mphwake wa amfumu, amakhala kutauni." Boma lathu lili m'malire ndi Zambia, ndipo mabanja ambiri ali ndi abale mbali zonse ziwiri, motero n'kovuta kutsutsa munthu akati mlendoyo ndi mwana wa pamudzi. Aganyu otere amalipidwa, amachinya, amakwera njinga n'kumapita. Pa mipikisano ya sukulu namonso mumapezeka "ophunzira" a ndevu zometa m'mawa womwewo, amene sadalowepo m'kalasi chaka chonse. Akuluakulu amene amakonza zimenezi amanena kuti akuchitira ubwino mudzi kapena sukulu, ndipo amadzikhululukira ndi mawu akuti anzathunso akutero.

Koma taganizirani za mnyamata wa zaka 15 amene wakhala akuthamanga m'bandakucha uliwonse, wosaphonya tsiku lokonzekera, amene pa tsiku la masewera akuuzidwa kuti avule yunifolomu apatse mlendo. Iye waima kunja kwa mzere atanyamula madzi. Palibe amene wamuphunzitsa ndi mawu, koma waphunzira kuti khama silipindula, chopindula ndi kudziwana ndi anthu ndi kubisa choona. Phunziro limenelo sadzalisiya pabwalo. Adzalitenga kupita nalo m'chipinda cha mayeso, pa sikelo yogulira mtedza, ndi mu ofesi ngati adzaipeze. Kubera zaka kwavutitsa mpira wa achinyamata m'mayiko ambiri, kotero kuti mu 2009 FIFA idayamba kujambula mafupa a pamkono ndi makina a MRI pa mpikisano wa osapitirira zaka 17. Ku Cameroon, pokonzekera mpikisano wa mu Januwale 2023, anyamata 21 mwa 30 adalephera kupimidwa kotere. Aliyense wa iwo adali atakhala pamalo pa mwana wina wa msinkhu woyenera amene adatsala kunyumba.

Ena adzati ndikulota, mpira ndi nkhondo ndipo kunkhondo kulibe chisoni. Ndiwakumbutse za Paolo Di Canio, munthu amene sadali wofatsa konse, pakuti adalangidwapo chifukwa chokankha woimbira. Mu Disembala 2000, timu yake ya West Ham ikusewera ndi Everton, zigoli zili 1-1 masewera ali pafupi kutha, mpira udamupeza pafupi ndi golo pamene goloboyi Paul Gerrard adali gone kunja atavulala bondo. Di Canio adaugwira mpirawo ndi manja kuti mnzakeyo athandizidwe. Ochemerera a Everton adaimirira kumuombera m'manja, ndipo FIFA idamupatsa mphotho ya kusewera mwachilungamo. Palibe lamulo limene lidamukakamiza. Zigoli zambiri za chaka chimenecho zidaiwalika, koma chigoli chimene iye adakana kuchinya chikukumbukiridwabe.

Nanga malire tiwaike pati? Ine ndimaona kuti kuchenjera kovomerezeka ndiko kumene ungakufotokoze pamaso pa mdani wako masewera atatha, iye n'kupukusa mutu n'kuseka, n'kunena kuti tsiku lina adzakubwezera. Wopusitsidwa ndi chenga, wokodwa mu ofusayidi, ngakhale wotopetsedwa ndi timu yosunga mpira kungodya, onsewa agonja pa masewera amene adavomera kusewera. Koma chinthu chimene uyenera kuchibisa kwa woimbira, kwa mdani ndi kwa ana ako omwe, monga dzanja lobisika, lezala m'magolovesi, ndalama ya m'thumba la woimbira, kapena chaka chobadwa chofufutidwa, chimenecho ndi kuba, ngakhale wochitayo atavala malaya a mudzi wathu. Pakati pa ziwirizi pali dera la utsi, la kudya nthawi ndi kukokana malaya, limene malamulo adzapitiriza kulichepetsa koma sadzalimaliza. M'dera limenelo woweruza wamkulu ndi ife ochemerera, chifukwa wosewera amachita chimene akudziwa kuti chiomberedwa m'manja.

N'chifukwa chake ndikuti udindo waukulu uli kunja kwa mzere. Tsiku limene anthu a mudzi adzakane mbuzi yopambanidwa ndi aganyu, aganyu adzaleka kubwera. Tsiku limene tidzakuwize mnyamata wathu yemwe akadzigwetsa, adzadzuka msanga. N'chapafupi kuona kubera kwa Suárez, pakuti iye ali kutali ndipo adatipweteka. Chovuta, chimenenso chimaonetsa kukhwima kwa munthu, ndicho kutchula kubera ndi dzina lake pamene kwatipindulira ife. Inu amene muli pasukulu lero ndinu aphunzitsi a masewera, oimbira ndi atsogoleri a matimu a mawa. Mukadzapatsidwa mndandanda wa osewera kuti musaine, mudzayambe mwayang'ana kunja kwa mzere, muone ngati palibe mwana amene wavulidwa yunifolomu.